Nkhata pamutu pa abusa

Utsi wa uvuni wa njerwa pamsewu wa ku Ntchisi wandikumbutsa chaka chimene tinkamanga tchalitchi kwathu ku Dowa, ndili mwana.

Amayi a mumpingo ankasenza njerwa kuchokera kudambo, kukwera nazo chitunda. A Gwaza, mkulu wa mpingo, ankayang'anira ntchitoyo atavala jekete, ali pansi pa ambulera. Njerwa sanaigwirepo.

Tsiku lina mayi anga, amene anali oyembekezera, anatula njerwa zawo n'kukhala pansi.

"Anaphiri, dzukani!" anakalipa a Gwaza. "Ulesi ndi tchimo. Mukapanda kudzuka, Mgonero simudya."

Kwa mayi, kuletsedwa Mgonero anali manyazi osaneneka. Anayamba kudzuka movutikira. Pomwepo abusa athu, nkhalamba yadazi, anatola nkhata ya mayi n'kuiika pamutu pawo.

Kenako abusawo anati, "A Gwaza, tandisenzetsani. Inunso mutengeko zanu, manja mwabwera nawo."

A Gwaza ananyamula atakwinya nkhope, jekete lonse litafiira ndi fumbi.

Ine ndinalira. Ndinkaganiza kuti abusa awachotsa paudindo, poti wamkulu sasenza katundu. Ndakalamba ndikuona atsogoleri a mipingo amene nzeru zawo zinathera pomwe panali zanga tsiku limenelo.