Lamba wa a Inayat

Taganizirani m'mawa wamba ku Lahore, pamzere wogula chambiko ndi buledi wamoto pafupi ndi chipata cha Bhati. Pakati pa anthu odandaula za kuzima kwa magetsi paima bambo wamfupi, a Inayat, khutu lili tcheru. Sagula zambiri. Amadzatola madandaulo oti akawasandutse nthabwala pa kanema.

A Inayat anabadwira m'banja la oseketsa anthu pamaukwati. Mwambo wawo umafuna anthu awiri: wina amafunsa atagwira lamba wachikopa, wina amayankha mopusa n'kulandira lambayo paphewa. Kuyambira ali ndi zaka khumi, iwo ndiwo ankalandira. Pa kanema panalibe zimenezo. Woyendetsa pulogalamu ankakhala patebulo atavala suti n'kumayankhula Chiurdu chosalala, pamene iwo ndi mnzawo a Ghafoor ankamudula mawu ali pabenchi ndi Chipunjabi cha mumsewu.

Chaka china kunabwera kalata yochokera kwa akuluakulu: wina akangotchula nduna monyoza, pulogalamu itsekedwa. Mayi Rukhsana, mkulu wa pulogalamuyo, anawaitana awiriwo.

"Achimwene, muziseka mimba ya a Ghafoor basi. Mukalakwitsa kamodzi, benchi ija ndichotsa."

"Achemwali, mimba imeneyi taiseka zaka zisanu. Yatopetsa ndi mwini wake yemwe," anayankha a Inayat.

"Ine yanditopetsa n'kuinyamula," anatero a Ghafoor, "osati kuitukwana kwa kafupi ngati iwe."

Mayiwo sanaseke. A Inayat anaona kuti ntchito yawo yaima pamoto. Akatchula nduna, achotsedwa. Akasiya za ndale, anthu asiya kuonera, ndipo achotsedwabe.

Tsiku lojambula anabwera ndi lamba wa malemu bambo awo, n'kuwapatsira a Ghafoor, amene anayamba kufunsa.

"Iwe mmphawi, kwanu magetsi aliko?"

"Aliko, bwana. Amabwera kudzationa ngati mlamu wolemera, pa chikondwerero cha Idi pokha."

"Nanga anawatenga ndani?"

"Aja a galimoto zisanu aja, a..."

Phwa! Lamba anatera paphewa.

"Pepani bwana, ndimati olemekezeka a..."

Phwa!

Anthu oonerera m'chipindamo anaseka mpaka kupukuta misozi, aliyense akunong'oneza mnzake dzina limene a Inayat sanalimalize. Woyendetsa uja, nkhope ili gwa, anapepesa kwa omvera m'Chiurdu chaulemu, kuseka n'kuchita kunyanya. Mayi Rukhsana anaonera zojambulazo kawiri, cholembera chili m'manja, koma anasowa poti adule.

"Phewa likupweteka?" anafunsa.

"Lazolowera, achemwali. Koma uzani wamimbayu kuti sikuti akupuntha mpunga."

A Inayat anakhala pabenchi imeneyo zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo sanatchulepo dzina la nduna ngakhale imodzi.