A Taylor a ku Lisasadzi ndi Kuponi ya Feteleza

Zija mumamva m'maminibasi zoti a Grey Taylor a ku Lisasadzi ndi mdzukulu wa mzungu, n'zabodza. Koma musawamvere chisoni, bodzalo ankalithirira okha ngati nazale ya fodya.

A Grey ndi mlimi wa kamunda kamodzi, woyererako khungu, wa ndevu za mbuzi. Akafunsidwa za dzinalo pa ukwati kapena pa maliro, ankayamba akhosomola, n'kuyang'ana kumwamba komwe kumadutsa ndege. "Abale aliko kutsidyako, kungoti ndi anthu otanganidwa." Ngakhale akazi awo, a Feliya, anawakopa ndi nkhani yomweyo.

Kenaka kunabwera makuponi a feteleza wotsika mtengo. Makuponi ochepa, anthu ambiri, ndiye mudzi unkakhala pabwalo kusankha osauka enieni. Chaka chimenecho fodya wa a Grey sanayende bwino ku okushoni, m'nkhokwe munali mbewa zokha. Dothi lawo ndi lamchenga. Popanda feteleza chimanga chimathera m'mawondo.

Dzina lawo litatchulidwa, Lemani wakabaza anadzuka. "Pepani akuluakulu, kodi boma layamba kudyetsa azungu? Awa auze abale awo ku Mangalande, awatumizire wa pandege!"

Bwalo lonse kuseka. A Grey anayang'ana kumwamba mwa chizolowezi, koma kunali akhungubwe okha. A Feliya anawatsina m'nthiti. "Bambo a Sunganani, ana sadya dzina. Munena ndinu, kapena ndinene ine?"

A Grey anaimirira, chipewa m'manja, mawu akutuluka ngati minga. Agogo awo anali a Mphepo, anati, ochokera ku Mulanje, ndipo anabwera kudzagwira ntchito pa esiteti. Ntchito yawo inali yosoka ziguduli za mabelo a fodya ndi chisingano chotalika ngati chala. Mzungu wa pa esitetipo dzina loti Mphepo linkamukanika, ndiye ankangowaitana ndi ntchito yawo. Dzina la ntchito linakakamira, lenileni n'kuuluka. Ati ngakhale kwa Angelezi eni ake dzinali linayamba chomwecho, pa munthu wodula nsalu n'kusoka, osati pa mfumu ayi.

"Ndiye ndinu a Telala?" anafunsa Lemani.

"Eya."

"Kwezani mawu, achimwene, kumbuyoku sitinamve."

"Ndati eya!"

"Nanga mbumba ya telala, buluku long'ambika pathako bwanji?"

Amayi anagwa ndi phwete, ena mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Koma kuponi anawapatsa, yogawana ndi a Consolata amasiye, thumba limodzi pakati, muyezo wake ndowa. A Grey anasenza gawo lawo osayang'ana munthu kumaso, ndipo chimanga chaka chimenecho chinawapitirira msinkhu.

Taylor ndi telala basi, ndipo agogo a Grey anali Mlomwe wosoka mabelo.