Bambo anga ndi chipinda cha matireyi a mazira

Bambo anga anayamba ntchito pa makina ocheka matabwa ine ndisanabadwe. Ankafika kunyumba utuchi uli m'tsitsi, n'kukhala pansi kawailesi kali pakhutu, ana tikusokosa, amayi akugubuduza mapoto. Ankakonda kunena kuti, "Tsiku lina ndidzakhala ndi chipinda changa chomveramo nyimbo. Nonsenu muzidzagogoda."

Amayi ankayankha kuti, "Yambani mwakonza chitseko cha kubafachi."

Achimwene atakwatira n'kusamuka, kachipinda kawo kakuseri kanatsala kopanda munthu. Bambo anali atapuma ntchito, ine ndinali nditabwerera pakhomo ndi khanda, ndiye zonse ndinaziona ndi maso anga.

Iwo ankati mdani wa nyimbo ndi khoma lopanda kanthu, chifukwa limabweza mawu. Ankapempha matireyi a mazira kugolosale n'kumawakhomera kukhoma mpaka kudenga. Pansi anayala kapeti yakale. Pazenera anapachika bulangeti la amayi, ndipo mkangano wake sunathe msanga. Masipika awiri anawakhomera okha mabokosi, mpando n'kuuika pakati, atayeza ndi chingwe kuti mbali zonse zifanane. Chitseko anaika chokhuthala.

Muyeso wawo unali umodzi. Ankaima pakati pa chipinda, kuwomba m'manja kamodzi, n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Malata akayankha, ankawonjezera matireyi.

Tsiku lina masana anandiitana. "Iwe make mwana, tabwera udzamve."

Anawomba. Ine ndinamva bwinobwino malata akulira ngati kale.

"Wamvatu? Zii. Chipinda chatha."

Ndinakumbukira kuti masiku amenewo ukawaitana uli kumbuyo sankacheuka, amayi n'kumati ndi matama a ukalamba. Chimene chinakhala chete si chipinda. Anali makutu awo.

"Ndamva, bambo," ndinatero.

Anatulutsa chimbale cha magitala a pa unyamata wawo, chimene ankachisungira tsiku limeneli. Anakhala pampando n'kutsinzina. Posakhalitsa anadzuka kukakweza mawu. Anakwezanso. Matireyi anayamba kunjenjemera, mwana kumsana kwanga n'kuyamba kulira. Amayi analowa manja ali ndi thovu.

"Kodi mukufuna kutigwetsera nyumba?"

Bambo sanacheuke. Ankaloza sipika yakumanzere. "Apa pamalowa gitala wamng'ono uja. Ali kuti? Sipika iyi ndi yakufa."

Gitalayo ankalira ndithu, mpaka kulasa m'makutu.

Ndinawanyengerera mpaka tinapita kuchipatala. Adokotala anati makina aja anawadya makutu pang'onopang'ono, ndipo zimene zinapitazo sizibwerera. Zotsalazo nazonso zikupita. Ndinawabwerezera mawuwo mokuwa tili panjira, anthu akutiyang'ana. Bambo anangoti, "Ameneyo za masipika akuzidziwira kuti?"

Anamasula sipika ija, kusintha mawaya, kuimanganso. Kenako anamasula inzake. Pano anasiya. Amangokhala pampando paja chimbale chikuzungulira, dzanja lili pabokosi kuti azimva kunjenjemera kwake. Mpandowo anausendeza kufupi, suli pakati ayi, ndipo chingwe choyezera chija amayi akuyanikapo matewera.

Mwana wanga wayamba kuitana kuti "gogo". Amaima pafupi ndi mwendo wawo n'kumaitana, iwo maso ali kukhoma.

Ndikawapititsira chakudya ndimagogoda kaye, monga ankatiuzira kale. Ndimadikira pang'ono, kenako ndimangolowa.