Akuti kalata ya a Milazi inalembedwa ndi foni

Ndimagwira ntchito m'kashopu kotayipa ndi kusindikiza mapepala ku Parow, kuno kudziko la eni. Amalawi anzathu akafuna kalata yofunsira ntchito amabwera kwa ine, moti amene akuvutika mumzinda muno ndimawadziwa kuposa mmene abale awo kumudzi amawadziwira.

Lolemba kunabwera a Milazi, bambo a ku Machinga amene anaphunzitsa Chingerezi kupulayimale mpaka imvi kumera. Panopa amagona m'kanyumba ka malata ka mwana wa mlongo wawo ku Delft, ndipo mayi wa pakhomopo ndi woyembekezera, masiku atha. Khanda likangobwera, a Milazi alibe pogona. Ndiye atamva kuti kumafulati ena akufuna munthu wosamalira pamalo, ntchito yokhala ndi kachipinda kake, anakhala pansi n'kulemba kalata ya masamba awiri.

Zilembo zake zokongola ngati za pasatifiketi. Koma mawuwo! Nditafika pa "indefatigable" ndinachotsa zala pakompyuta.

"Aphunzitsi, ili ndi dzina la mankhwala?"

"Ayi mwanangu, ameneyo ndi munthu wosatopa. Zoti hard worker aliyense amanena, ngakhale waulesi. Uyu ndi uja dzuwa limatopa iye asanatope."

Tinapitirira. "Beseech" anati ndi kupempha kochita kugwira mwendo. "Erstwhile" anati ndi chinthu chimene chinali, koma lero sichili. Pomasulirapo nkhope inawala, chala m'mwamba, ngati kutsogolo kwawo kwakhala ana makumi asanu.

Ndinawauza kuti tidule, azungu a masiku ano sawerenga zotere. Anakana. "Munthu sapita kokapempha ntchito atavala kabudula," anatero. Ndinatayipa mmene analembera.

Lachinayi anabweranso. Analowa mwakachetechete, envelopu ili yopindika m'manja.

"So, zayenda bwanji aphunzitsi?"

"Kamtsikana ka mu ofesimo kanawerenga mizere itatu n'kuseka. Akuti, tata, masiku ano aliyense akumauza foni kuti imulembere, palibe munthu amalankhula chonchi. Ndinati ndalemba ndekha, mundifunse liwu lililonse ndimasulira. Akuti sorry, alibe nthawi, iwo akufuna munthu wachilungamo."

Mwamva? Sanawakane chifukwa cha ukalamba kapena mapepala okhalira m'dziko muno. Anawakana ngati wabodza. Bambo amene analoweza dikishonale tsamba ndi tsamba, alibe ngakhale foni yogwira intaneti, lero akuti wabera makina.

Zinandipweteka, ndipo mpaka pano zikundipweteka.

Inu amene munakulira kumudzi mukukumbukira. Kusukulu ukalankhula Chichewa kapena Chiyao ankakulemba dzina, madzulo n'kukatchetcha udzu. Pa mtsutso wa Lachisanu wopambana sanali wanzeru, koma amene waponya liwu lalitali loti ngakhale ahedi akanda m'mutu. Tinkawomba m'manja mpaka kufiira. Anatiuza kuti Chingerezi ndi kiyi, ukachithyola bwino palibe chitseko chokukanira.

Nanga kiyiyo watsegula chiyani kuno?

Ndikudziwa namwino amene akuchapa zovala za ana a eni. Ndikudziwa kalaliki wa khoti amene akulondera magalimoto pamsewu. Akuluakulu anati kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna, ndipo zimenezo tinazivomera kalekale. Chimene chandifoola sabata ino n'chakuti ngakhale chimene uli nacho m'mutu, chimene palibe anakupatsa mwachifundo, akhoza kukulanda pongonena kuti si chako.

Ndipo ndisadzudzule kamtsikana kaja kokha. Woyamba kuseka kalata ija ndinali ine. Ndine ndemwe ndimauza amayi ofuna ntchito za m'nyumba kuti asatchule dipuloma, madamu angaope. Sabata ndi sabata ndimakhala pampandopa kufufuta sukulu za anthu, kuwachepetsa kuti akwane pachitseko. Ndimati ndikuwathandiza. Mwina ndikuwathandizadi, ndipo n'zimene zikundichititsa manyazi kwambiri.

Ana athu obadwira kuno mawu amenewa sadzawamva. Kumudzi nako ndikumva kuti ndi foni yomweyo. A Milazi akadzapita, mawu awo adzapita nawo, ndipo palibe adzadziwe kuti china chasowa.

Lachinayi lomwelo a Milazi anandiuza kuti amva za mafulati ena, kumene nakonso kuli kachipinda.

"Lemba ina, mwanangu. Ulembe mmene amafunira."

"Zauphunzitsi tiikemo?"

"Chotsa."

Ndinalemba mizere itatu: kuti ndi Mmalawi, kuti amatha kusesa ndi kusamala maluwa, kuti samwa mowa. Ndinawapatsa pepala ndikudikira kuti atulutse cholembera, poti munthu ameneyu salola ngakhale kadontho kolakwika kudutsa. Sanakonze kanthu. Anawerenga kawiri, n'kulipinda bwinobwino.

"Eya," anatero. "Iyi akhulupirira kuti ndalemba ndine."

Ngati chipindacho achipeze, ndidzakondwera, khanda lija lisabwere iwo alibe kolowera. Koma ndiuzeni inu owerenga: munthu akapeza pogona chifukwa wavomera kuoneka mbuli, tinene kuti zamuyendera?