Mwendo Wanga ndi Adokowe a ku Utale

Ndikukumbukira, ndipo ndikamakumbukira mtima umachita kuwira. Anthu amati, "A Dominiko, zinthu zakalekale mukukwiya nazobe?" Eya, ndikukwiya nazo. Ubwana wanga wonse ndinajambulitsa kamodzi kokha, ndipo chithunzicho anandilanda ndi mbalame.

Kwathu ku Utale adokowe ankabwera ndi mvula yoyamba. Umangodzuka tsiku lina dambo lonse ladzaza, zimbalame zakuda za mimba yoyera, zikuyenda ngati makalaliki a ku boma, kutola ziwala. Akuluakulu ankati ukagenda dokowe mvula ithawa, ndiye palibe ankazigenda. N'chifukwa chake zinali zamwano.

Nthawi yomweyo, cha ku Khirisimasi, kunkabweranso a Ndembo, ojambula zithunzi a ku Balaka, pa njinga yawo, kamera ili pakhosi. Kujambulitsa masiku amenewo sikunali masewera. Umasamba mpaka khungu kuwawa, kudzola mafuta mpaka chipumi kunyezimira, ndipo sunkaima chimanjamanja iyayi. Wina ankanyamula wailesi, wina kugwira njinga, kuti oona adziwe kuti kwanu kuli zinthu.

Chaka chimenecho amayi anati ndi nthawi yanga. Malaya anali atsopano, onunkha sitolo. Nsapato ndinabwereka kwa msuweni wanga Patiriki, zazikulu moti ndinafutsamo masamba a nthochi. Wailesi abambo anakaniza. Akuti ndiigwetsa.

A Ndembo anandiyang'ana nati, "Wailesi aliyense wajambulitsa nayo. Iwe tiye kudambo, uime ndi adokowe kumbuyo. Koma mvetsetsa, filimu yatsala imodzi. Ukagwedezeka, zako izo."

Tinapita. Matope akununkha, udzu wonyowa ukundikwapula m'miyendo, ana a mudzi wonse pambuyo pathu. Anandiimika pa kachulu, manja m'mbali ngati msilikali. Kenako munthu uja, m'malo mojambula, anayamba kudikira kuti mbalame ziyandikire. Wagwada, diso limodzi watsinzina, akungonong'ona, "Zikubwera, zikubwera. Usapume."

Anthuni, pa kachulu paja pankadutsa linthumbu.

Loyamba linandiluma pa akakolo. Ndinapirira. Ena anakwera mpaka m'mawondo. Ndinapirira, misozi ili chuchuchu, mano ndaluma. Ndinayesa kuyankhula ndi pakona pa kamwa, "A Ndembo, zikundiluma." Iwo, "Khala chete, uthawitsa mbalame!" Koma atalowa m'kabudula, kumene sinditchula, ndinaiwala filimu, ndinaiwala amayi, ndinaiwala ndi dzina langa lomwe. Ndinakuwa, ndikudumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Adokowe onse phaa, m'mwamba. Ndipo ndinamva kuti tcha! Wajambula.

Kabudula ndinavulira pomwepo, pamaso pa atsikana a kwaya.

Chithunzi chinabwera chimanga chitayamba kumasula. Mudzi wonse unasonkhana. Kunena zoona, mbalame zinatuluka bwino zedi, mapiko tambalale, nthenga iliyonse kuoneka. Ine? Pakona m'munsi, mwendo umodzi uli m'malere, wavala nsapato. Basi. Mutu palibe, malaya atsopano aja palibe, mafuta onse ndinadzola aja anapita pachabe. Amayi anachitembenuza, kuyang'ana kuseri ngati mwina ndili kumeneko. A Ndembo osachita ndi manyazi omwe, akuti, "Mayi, chithunzi ngati ichi sindinajambulepo chiyambire."

Ndiye kunabwera Patiriki. Anayang'ana nati, "Nsapatoyo ndi yanga. Ndiye chithunzi ndi changa." Tinamenyana mpaka kugubuduzana pa mulu wa phulusa. Nkhani inafika kwa amalume, bambo ake a Patiriki yemweyo, ndiye mukuganiza kuti anagamula bwanji? Akuti mwendo ulibe nkhope, koma nsapato aliyense akudziwa mwini wake.

Mpaka lero chithunzicho chili pakhoma mu golosale ya Patiriki ku Nsanama, mu felemu. Amauza makasitomala kuti ndi iyeyo ali mwana, ankathamangitsa mbalame. Munthu wamkulu, wa imvi, kunama ndi mwendo wa mnzake! Ndikapitako ndimakweza buluku kuonetsa anthu chipsera cha pa bondo kuti afananize. Amangoseka, wina mpaka anandigulira sobo.

Masiku ano kujambula kulibenso ulemu. Ana anga amajambula chilichonse pa foni, ndiwo, mphaka, milomo yawo atayisongola, osasamba n'komwe. Chikaipa amangofufuta. Dambo lija anthu analima mpaka m'mphepete, adokowe amabwera owerengeka. Chaka chatha atafika ndinavala jekete, nsapato zangazanga zogula ndekha, ndikutenga mwana wanga wamkazi, ulendo wa kudambo. Ndinayang'ana pansi bwinobwino, linthumbu panalibe. Ndinaima njo. Ndinati, "Jambula ine. Mbalamezo zisiye, zinajambulitsa kale."

Anajambula, ndikundipatsa foni. Ndinatuluka yense, mutu mpaka nsapato. Koma nkhope yake, anthuni, ya mdala wokwiya, wamakwinya. Kamnyamata konyezimira mafuta kaja sikanapezekenso. Kanatsala mwendo wokha, ndipo mwendowo uli kwa Patiriki.