Eyakoni ya M'chipinda cha Amayi

Atate anachotsedwa ntchito m'zaka zija makampani a boma ankatsekedwa motsatizana, chapakatikati pa zaka za m'ma 1990. Anali kalaliki ku Lusaka kuyambira ine ndisanabadwe. Pa tsiku lomaliza katundu wa mu ofesi ankagulitsidwa kwa ogwira ntchito, ndipo anzawo anatenga mipando, makabati ndi makina otayipira. Atate anasankha eyakoni, makina oziziritsa m'chipinda amene anali pakhoma mu ofesi ya bwana wamkulu.

Nthawi imeneyo ndinali nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi ku Chalimbana. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale pa boma la Chongwe, ndikukhala ndi makolo anga. Nyumba yathu inali ku maploti atsopano, kunja pang'ono kwa boma. Atate anaimanga pang'onopang'ono ndi mabuloko a simenti, ndi kuifolera malata owala amene munthu ankawaona ali kutali. Siling'i inali isanaikidwe. Mitengo yonse imene anaipeza pamalopo anaidula, akuti masamba amaoletsa malata.

Chaka chapitacho amayi anali atagwa ndi sitiroko ali pakati pochapa. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka, lilime linalemera, moti mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuchita kuwakoka ndi chingwe. Tsiku lonse ankakhala chogona m'chipinda chawo, chimene chinali mbali ya kumadzulo kwa nyumba. M'miyezi yozizira zinali bwino. Koma Seputembala akamatha, chipindacho chinkasanduka uvuni. Ikamakwana teni koloko malata ankayamba kuthetheka, nyenje zikulira kunja. Masana ukakweza dzanja m'mwamba unkamva kutentha kukutsika kuchokera kudenga. Amayi sankatha kudzitembenuza okha, choncho ndikaweruka ndinkawapeza nsalu ya pamsana itanyowa yonse, khungu litatuluka zidzolo.

Eyakoni inabwera pa galimoto ya bokosi, anthu awiri atainyamula movutikira. Chinali chibokosi chachitsulo, chotuwa, chokhala ndi mabatani awiri kutsogolo. Atate anaitana mmisiri amene anaboola khoma la chipinda cha amayi pafupi ndi zenera, ndi kuilowetsa mmenemo, nkhope m'kati, msana kunja. Pamene atate ankatembenuza batani, tonse tinali chiimire. Inalira ngati thirakitala yakale, khoma linanjenjemera, kenako panatuluka kamphepo kozizira konunkha fumbi la mapepala.

"Mwamvera?" anatero atate kwa amayi, atagwira dzanja lawo lija lofooka ndi kuliika pamphepo. "Ni yamene iyi. Chaka chino simuzavutika."

Amayi anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Koma chipinda sichinazizire. Ukaima pamaso pa makinawo unkamva bwino ndithu, ukangosuntha mapazi awiri, kutentha kuja kunali pomwepo. Atate anasunthira bedi pafupi, amayi nkuyamba kudandaula kuti phokoso likuwapweteketsa mutu. Atate anatembenuza batani mpaka kumapeto ndi kuisiya ikulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mphepo yake inkangocheperachepera. Masana msana wake kunja unkatentha moti sukanaugwira. Atate sankafuna kumva kuti sikugwira ntchito. Ndikanena, ankayankha kuti makina amafuna kuzolowera malo.

Madzulo ena tili pakhonde anandiuza chimene anaigulira. Anati zaka zonse zija, akamalowa mu ofesi ya bwana ndi mafayilo, thukuta linkauma nthawi yomweyo, ndipo ankachita dala kuchedwa kupeza tsamba loti bwana asaine kuti akhalemo pang'ono. "Manje amako atadwala," anatero, "nikangena muja ninali kumvera nsoni. Ine nizizidwa, beve bali kupsa ku nyumba." Nditamva za manyazi awowo ndinasiya kuinyoza eyakoniyo.

Kuseri kwa ploti yathu kunali mudzi wa banja lina la mtundu wachisoli, alimi amene makolo awo analima dera lonselo maploti asanadulidwe. Mayi wa pakhomopo, wamkulu pang'ono kuposa amayi anga, ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo ankabwera pafupipafupi kudzawaona. Tinkangowatchula kuti baneba, kutanthauza anansi oyandikana nawo. Tsiku lina atakhala m'chipindamo kwa kanthawi, akudzipukuta m'khosi ndi chitenje, anauza atate mosabisa.

"Batate ba ticha, muno simungagone munthu odwala. Muzibabweretsa kwathu muzuba, kukatentha, bazipumula, m'madzulo babwerera."

Atate anathokoza mwaulemu, koma nkhope inagwa. Baneba atapita anati, "Nichose mukazi wanga mu nyumba ya malata na malaiti, nimupereke mu nyumba ya udzu? Banthu bazakamba chani?"

Pakati pa Okutobala atate anavomera kuti makinawo ali ndi vuto, ndipo anakwera minibasi kupita ku Lusaka kukafuna munthu wodziwa kuwakonza. Tsiku limenelo kunatentha kuposa masiku onse. Ku sukulu ana ankagona pa madesiki, ine choko chikundimata m'zala. Nditafika kunyumba cha m'ma wani koloko ndinapeza baneba ali m'chipinda cha amayi, akuwakupiza ndi chivundikiro cha bokosi. Eyakoni inali kulira monga mwa nthawi zonse. Amayi anali atatseka maso, milomo itauma gwa, akupuma mofulumira. Ndinawaitana katatu ndipo sanayankhe bwinobwino.

"Mwana wanga, tenga wilibala," anatero baneba. "Batate bako tizakamba nabo pambuyo."

Sindinatsutse. Tinayala bulangeti ndi mapilo mu wilibala, tinawanyamula awiriwiri, ndipo ine ndinkakankha baneba atawafunditsa ambulera. Ndinkalira njira yonse, mwina chifukwa cha mantha, mwina chifukwa choona amayi anga, amene kale ankayenda pansi mpaka ku msika atasenza dengu, akugwedezeka mu wilibala ya simenti.

Nyumba ya baneba inali ya zidina, yofolera udzu wochindikala, denga lake lotsika mpaka kuphimba khonde. Mbali ya kumadzulo kunali mitengo iwiri ya mango. Nditawerama kulowa pakhomo, thupi langa lonse linamva kusintha, ngati ndalowa m'madzi. Munali mdima pang'ono, pansi pozira bwino, pakona pali mtsuko wokutidwa ndi chiguduli chonyowa. Tinawagoneka amayi pa mphasa, baneba nkuwapukuta nkhope ndi m'khwapa ndi nsalu yonyowa, ndi kuwamwetsa madzi a mumtsuko ndi supuni. Patapita nthawi kupuma kwawo kunatsika. Anatsegula maso, anayang'ana kudenga, ndipo anagona tulo teniteni, mpaka kuliza mkonono.

Atate anafika cha m'ma folo ndi mmisiri wa mafiriji, bambo wamfupi wolankhula mosapsatira. Ndinathamangira kunyumba nditaona akulowa. Atapeza bedi lili lokha anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ndinawauza zonse mmene zinachitikira. Mmisiri uja, osasamala za ife, anali atachotsa kale chivundikiro cha kutsogolo kwa eyakoni. Anasolola kasefa kopyapyala, kamene ife sitinkadziwa nkomwe kuti kalipo. Kanali katamatidwa ndi fumbi lofiira, lochindikala ngati chikopa.

"Iyi munasukapo?" anafunsa.

"Imasukidwa?" anatero atate.

Mmisiri anaseka, natuluka panja kukagwira msana wa makinawo, nabwerera akugwedeza dzanja. Kenako analoza m'mwamba, pamene khoma la chipinda linkathera ndi kusiya mpata waukulu pansi pa malata, ndi mabowo a mpweya pamwamba pa zenera, ndi mpata wa pansi pa chitseko.

"Mashini ilibe mulandu, mudala. Imwe mufuna iziziritse Chongwe yonse. Pamwamba malata yaocha, mphepo yozizira ithawira uku na uku, kumbuyo mwaiika pa zuba. Olo munthu angaleme. Ikani siling'i, valani mabowo mphepo isathawe, muipase mthunzi."

Atate anamuperekeza mpaka pamsewu, kenako anati ndiwatsogolere kwa baneba. Anawerama polowa, nakhala pa kampando kamene anapatsidwa, akuyang'ana amayi amene anali adakali mtulo. Mwamuna wa baneba, mdala wamtali wosalankhulalankhula, anali atabwera kuchokera kudimba ndipo anakhala pakhomo. Ndinkaopa kuti atate akalipa. M'malo mwake anafunsa motsitsa mawu kuti agona nthawi yaitali bwanji. Atamva kuti kuyambira masana, anavula magalasi ndi kupukuta m'maso.

"Siling'i ya mabodi siningakwanise manje," anatero, osayang'ana munthu.

"Bango iliko ku mumana," anayankha mdala uja akuloza kumtsinje. "Mphasa nimaluka neka. Tizakhomera pansi pa mitanda, pamwamba tiyale masaka. Sizaoneka monga mu ofesi, koma izagwira."

Ntchitoyo inatenga pafupifupi milungu iwiri. M'masiku amenewo atate eni ake ndiwo ankakankha wilibala m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere, kuwapereka amayi kwa baneba, ndi kukawatenga madzulo. Tsiku loyamba anadzera njira ya kuseri. Tsiku lachitatu anali kudzera pamsewu, akupereka moni kwa aliyense.

Mdala uja anabwera ndi mphasa zisanu ndi imodzi. Iye ndi atate anakwera pa migolo ndi kuzikhomera ku mitanda ndi timatabwa, mawaya a magetsi atawalowetsa kaye m'mapaipi monga mmisiri analangizira, kuopa moto. Atate sanazolowere hamala, ndipo anadzimenya chala mpaka chikhadabo chinada. Pamwamba pa mphasa anayala masaka akale. Ine ndinatseka mabowo a mpweya ndi manyuzipepala, ndi kusoka kansalu kodzaza mchenga koika pansi pa chitseko. Kunja anamanga kachisakasa ka udzu pamwamba pa msana wa eyakoni, atasiya mpata mbali zonse kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo anakatalikitsa kuti mthunzi wake ufike pa zenera.

Chimene chinawavuta atate chinali laimu. Mdala anati malata a pamwamba pa chipindacho apakidwe laimu kuti azibweza dzuwa m'malo molimeza. Atate anaima pabwalo akuyang'ana malata awo, manja ali m'chiuno, ndipo ndinkaona kuti zikuwawawa. M'mawa mwake ndinadzuka kumva phokoso padenga. Anali atakwera okha ndi ndowa ndi tsache.

Tinaphunziranso kusunga kuzizira kumene m'bandakucha umabweretsa. Ndinkatsegula mazenera onse ndikangodzuka, ndipo ndisanapite ku sukulu ndinkawatseka ndi kukoka makatani. Eyakoni sinkayatsidwanso m'mawa. Atate ankaiyatsa dzuwa likafika pamutu, batani lili pakati, ndi kuizimitsa likapendeka. Loweruka lililonse ankasolola kasefa kaja ndi kukatsuka m'beseni ndi mswachi wakale, mosamala ngati akusambitsa khanda. Magetsi akazima, zimene zinkachitika kawirikawiri, chipindacho chinkakhalabe chopiririka mpaka madzulo, bola chitseko chisatsegulidwe kawirikawiri. Kumadzulo kwa nyumba anabzala mango atatu ochokera kwa baneba, ndipo ankawathirira ndi madzi otsala pochapa.

Tsiku limene amayi anabwerera m'chipinda chawo masana linali Lamulungu. Titachoka ku tchalitchi tinakhala nawo mmenemo tonse, baneba ndi amuna awo ali pomwepo. Munkanunkha bango louma. Eyakoni inkalira motsika kuposa kale, ndipo nthawi zina inkapuma yokha. Patapita mwina ola limodzi amayi anayamba kusuntha milomo, tonse nkudikira mawu.

"Ni... pase... bulangeti."

Atate anaseka mpaka kutsokomola. Anatenga bulangeti m'kabati ndi kuwafunditsa mapazi, akubwereza mawuwo okha, ndipo kwa mlungu wonse ankauza aliyense amene wakumana naye pa boma kuti akazi awo apempha bulangeti mu Okutobala.

Zidzolo zinapola, ndipo amayi anayamba kudya bwino. Komabe patangopita masiku ochepa anayamba kuloza kukhomo dzuwa likakwera, akutchula baneba. Poyamba atate anaganiza kuti makina avutanso, nakayang'ana kasefa. Sizinali zimenezo. M'milungu iwiri ija amayi anali atazolowera kukhala pakati pa anthu, kumva nkhani za kudimba, kutongola chimanga ndi dzanja lawo labwino, kusekedwa akalakwitsa mawu achisoli. M'chipinda chawo munali mozizira, koma ankakhalamo okha.

Mvula isanagwe amayi anayamba kuyesa kuyenda ndi ndodo imene mdala uja anawasemera. Poyamba ankafika pakhonde, kenako pa mango aang'ono aja, atate ali pambali atawagwira m'chiuno. Chaka chotsatira, nyengo yotentha itabweranso, ankafika okha kwa baneba, akupuma kawiri panjira.

Tsiku lina ndinaweruka ku sukulu thukuta lili kamukamu, ndinamva eyakoni ikulira, ndipo ndinatsegula chitseko cha chipinda kuti ndiwapatse moni amayi. Bedi linali loyalidwa bwino, lopanda munthu. Pampando pafupi ndi zenera panali atate, atavula nsapato, miyendo atatambasula, akuwerenga nyuzipepala ya dzana.

"Amako bali kwa baneba," anatero osadzutsa mutu. "Ngena kapena choka, koma vala chitseko. Mphepo ithawa."

Ndinalowa, ndinatseka chitseko, ndi kukhala pa bedi kuchonga makope a ana.