Dzina Limene Enelesi Anatchula

Mukatsika basi ku Chegutu mudzaona mayi wamtali akuwotcha chimanga pafupi ndi mpanda, wosakonda kusekerera makasitomala. Ameneyo ndi Enelesi. Anali mkazi wa mlongo wanga Horace, ndipo mpaka lero amanditchula kuti tete, monga Ashona atchulira mlongo wa mwamuna, ngakhale banja lija linatha kale. Ine ndine Gladness. Ndine amene ndinamugwira miyendo tsiku limene amayi anga ankamumenya ali pa matenda a uchembere. Ndaneneratu kuti musandiyese munthu wabwino.

Enelesi anabadwira m'komboni ya Eiffel Flats. Agogo ake anachoka ku Dedza wapansi kudzakumba golide, ndipo sanabwererenso, fumbi la mumgodi linawadya chifuwa. Iye analekeza sukulu fomu 2, n'kukalowa ntchito pa fakitale ya nsalu ku Chegutu. Zaka zisanu ndi zitatu anaima pa makina kulumikiza ulusi ukaduka. Fakitale itayamba kuchotsa anthu, anakwatiwa ndi Horace n'kubwera kwathu ku Battlefields, kumene pafupifupi mwamuna aliyense ndi korokoza, wokumba golide m'maenje akale, chikwanje chili m'chiuno.

Amayi sanamukonde chiyambire. Ankati mkazi wodziwa kudzidyetsa yekha samva kamwa la munthu. Atapita padera kawiri, amayi anayamba kulankhulira m'mphuno: "Za ku Chegutu adziwa ndani? Akazi a kufakitale tikuwadziwa."

Pathupi pachitatu panakhazikika. Kusikelo anamwino anamuuza kuti mwana sanagone bwino, apite ku Kadoma mwezi usanathe, akadikirire kuchipatala. Amayi atamva anaseka.

"Ine ndinabereka ana asanu ndi awiri pamphasa. Kuchipatala amatumbula anthu ngati nsomba. Muno m'nyumba mwanga sizichitika."

Anamulanda khadi la sikelo ndi foni, n'kuzitsekera m'sutikesi. Horace anangoti amayi akudziwa zimene akuchita. Mlongo wanga uja, kumaenje anali mkango, koma pamaso pa amayi anali nkhuku yonyowa.

Matenda anayamba Lachinayi m'mawa, mu Okutobala, malata akuchita kulira ndi dzuwa. Amayi anaitana aNachisale, nkhalamba imene inkachiritsa azimayi m'komboni. Poyamba Enelesi ankayenda m'chipinda atagwira khoma. Ululu ukabwera ankaima, n'kugunditsa chipumi pakhoma, thukuta lili chuchuchu. Pambuyo pake anadzandiuza kuti zinali ngati munthu walowetsa mgwala kumsana n'kumakanula, asiye pang'ono, abwerenso. Sankalira. Ankangoti, "Tete, madzi."

Madzulo aNachisale anamumwetsa mwanamphepo, mankhwala ofulumizitsa matenda. Apo ndiye zinthu zinaipa. Ululu unasiya kupumira, unangokhala umodzi wautali. Enelesi anagwa pamphasa, analuma chitenje mpaka kuchiboola, anakanda simenti mpaka chikhadabo chinazuka. Anasanza. Anakuwa mawu amene sindinamvepo kwa munthu, ngati ng'ombe ikuphedwa ndi mpeni wobuntha. Kutacha Lachisanu milomo inali itang'ambika, mimba itauma gwa, yopendekera mbali imodzi, ndipo magazi anali atayamba kutsika. Mwana osaoneka.

ANachisale anapisa dzanja, analitulutsa, napukuta pachitenje. "Njira yatsekedwa," anatero. "Pali mwamuna wina amene anaponda apa. Amutchule, mwana atuluke."

Mwambo umenewu makolo athu anabwera nawo kuchokera kumudzi. Chilankhulo ana athu akuchitaya, mayina a midzi tinaiwala, koma ichi chokha tinachisunga bwinobwino.

"Kulibe, amayi," anatero Enelesi. "Ndiperekezeni ku Kadoma. Mwana akufa."

Amayi anamuwaza mbama. "Tchula."

"Kulibe."

Mbama ina, mphuno inatuluka magazi. Kenako amayi anatenga mthiko wophikira sadza, nsima ya kuno, n'kuyamba kumukwapula m'ntchafu, ululu ukabwera iwo n'kumenya pomwepo, ati ndi nthawi imene munthu sanganame. ANachisale anagwada kumutu n'kumakankha mimba ndi chigongono, thupi lawo lonse atalitsamiritsa pamenepo. Enelesi ankaponya miyendo, ndiye anandiuza kuti ndiigwire. Ndinaigwira. Ndinkaopa amayi, komanso, ndinene zoona, kamtima kena kankati mwina alipodi mwamunayo. Manyazi a zimenezi sadzandichoka.

"Ukufuna kupha mdzukulu wanga chifukwa cha uhule wako?" amayi ankatero, mthiko ukutsika. "Tchula, galu iwe."

Dzuwa lili paliwombo tinamva lole ikubwera kumsewu wafumbi. Inali ya a Lameki, bambo wa zaka makumi asanu ndi mphambu, mkulu wa mpingo, amene ankanyamula miyala ya makorokoza kupita nayo kuchigayo cha golide. M'komboni monse galimoto yoyenda inali yokhayo. Enelesi anasiya kuphiriphitha. Anatsegula maso, akumvetsera.

"Ndikatchula," anafunsa ndi mawu osasa, "mumuitana abwere?"

"Ayenera kubwera," anayankha aNachisale. "Asambe m'manja m'mbale, iwe umwe madziwo, njira itseguke."

"Ndi a Lameki."

Amayi anataya mthiko n'kutuluka akukuwa kuti anthu amve, kuti ankanena iwo. Enelesi anandigwira padzanja, zala zake zija zolumikiza ulusi zinalowa m'mnofu. "Tete, thamanga. Uwauze abwere ndi lole mpaka pakhomo." Pamenepo ndi pamene mutu wanga wouma unatseguka.

Ndinathamanga wopanda nsapato, ndinaima pakati pa msewu. A Lameki ataima ndinawauza zonse, osabisa kanthu: kuti Enelesi wawanamizira, kuti Horace ali pakhomo, kuti akapanda kubwera mayi ndi mwana afa lero.

"Ine?" anatero. "Ine ndili ndi adzukulu, mwanawe."

Kenako anati ndikwere, nakhotetsa lole.

Horace anali pansi pa mtengo wa mango ndi anzake awiri, akumwa chiyambire m'mawa, ndipo dzina lija anali atalimva kuchokera pakamwa pa amayi ake. A Lameki asanaponde pansi bwinobwino, iye anali atafika kale. "Ndinokuuraya," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti ndikupha, motsitsa, ngati akupereka moni. Chikwanje chinakwera. A Lameki anatchinga nkhope ndi dzanja lamanzere. Ndinamva kulira ngati nzimbe ikudulidwa, ndipo zala zitatu zinagwera m'fumbi. Chachiwiri chinawang'amba phewa, chachitatu chinamenya chitseko cha lole chifukwa anzake aja anali atamugwira m'chiuno. Anamugwetsa pansi, wina n'kumukhalira pamsana, iye akulumabe dothi ndi kutukwana.

Mukudziwa zimene amayi anachita? Anatuluka ndi mbale ya madzi, n'kuima pamaso pa munthu amene magazi akuchita kuthovoka, ati asambe m'manja. Ndinaimenya mbaleyo inakagwera uko. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuwatsutsa amayi, ndipo ndinachedwa nako ndi tsiku lathunthu.

Ndinavula duku n'kumanga dzanja la a Lameki zolimba. Ine ndi mayi wina woyandikana naye nyumba tinamunyamula Enelesi pamphasa yomweyo n'kumukweza kutsogolo. ANachisale anayesa kutitsekereza pakhomo, ndinawakankha ndi phewa.

A Lameki anayendetsa ndi dzanja limodzi, lovulalalo atalipanira kukhwapa. Magiya ndinkasintha ndine, iwo akaponda n'kunena kuti "kutsogolo" kapena "kokera kuno". Enelesi anali chogona pamiyendo panga. Lole ikagwa m'dzenje ankakuwa, ndipo ine ndinkathokoza Mulungu, chifukwa akakhala chete ndinkayesa wapita. Pansi m'kati mwa lole magazi a anthu awiri anasakanikirana, mapazi anga ankaterera. Tili pafupi kulowa m'tauni a Lameki anayamba kugwetsa mutu. Ndinawamenya patsaya, munthu wamkulu ngati bambo anga, kuti asagone. Tinalowa pageti ya chipatala ku Kadoma tikuliza hutala, ndipo atangozimitsa injini anakomoka.

Adokotala anati mwana anagona mopingasa, sakanatuluka ngakhale Enelesi akanatchula amuna onse a m'Kadoma. Chiberekero chinali chitayamba kung'ambika chifukwa cha mankhwala aja ndi chigongono chija. Anamuchita opaleshoni, anatulutsa mwana wamkazi wobiriwira, wosalira, anamutikita mpaka analira. Chiberekero anachichotsa. Mwanayo ndi Vimbai, ndipo ndi yekhayo amene Enelesi adzakhale naye.

Horace anakakhala kundende zaka zinayi. Koma amene analipira kwenikweni ndi a Lameki. Dzanja linauma, mwini lole anapeza dalaivala wina. Mpingo unawachotsa pa ukulu. Akazi awo analongedza n'kupita kwa abale awo ku Muzvezve. Enelesi, ulusi wa opaleshoni usanachotsedwe n'komwe, anakaima kutsogolo m'tchalitchi, atagwira benchi, n'kunena kuti ananama, kuti bambo aja sanamukhudzepo ngakhale chala. Anthu anangoyang'anana. Potuluka ankati, taonani mmene akuchitetezera chibwenzi chake. Amayi anamwalira chaka chatha akunenabe zomwezo: "Anatchula, mwana anabadwa. Nanga mukufunanso umboni wanji?"

Enelesi anabwerera ku Chegutu ndi mwana kumsana. Anayamba ndi kugulitsa tomato, kenako mbaula ya chimanga. A Lameki pano amalondera pa sitolo ina ku Kadoma. Enelesi anapitako katatu kukapepesa. Kawiri sanamuyankhe. Kachitatu anangofunsa ngati mwana wayamba kuyenda.

Mwezi wathawu ndinakhala naye pa mbaula paja, Vimbai ali kusukulu. Ndinamufunsa chimene ndakhala ndikuopa kufunsa zaka zonsezi, ngati amadandaula. Anatembenuza chimanga, osandiyang'ana.

"Tete, dzanja la bambo aja silichoka m'maso mwanga. Ndinawonongera moyo munthu wosalakwa, ndipo ndikayankha kwa Mulungu." Anakupiza makala ndi kakatoni. "Koma mutandigonekanso pamphasa paja, lole ija n'kumveka kumsewu, ndiwatchulanso."